Anaayisi a pa Sharpevale

Loweruka lapitali kunali sadaka ya Abiti Saidi, pokumbukira kuti chaka chatha chiwaikireni m'manda. Ife a timu ya mpira wa manja tinapitako tonse, akale ndi atsopano omwe, titafunda mipango kumutu polemekeza pakhomopo. Tinatunga madzi, tinapakula mpunga, tinatsuka mbale. Shehe atamaliza mapemphero, mayi wina wochokera ku Manjawira, mbale wa malemuwo, anatifunsa kuti kodi ndife ayani, poti nkhope zathu sanazionepo kumzikiti. Tiyamike, yemwe kale ankatimwetsera zigoli, anayankha kuti ndife ana a mumgolo. Mayiyo anangotiyang'ana, chipande chili m'manja. Kufotokoza kukanatenga nthawi, alendo anali kudikira chakudya, ndiye ndati ndifotokoze pano.

Abiti Saidi anali ndi golosale pa Sharpevale, moyang'anana ndi pomwe maminibasi amaima. Anali mayi wamasiye, wamfupi, wonenepa bwino, wa mawu oti akamaitana mwana amene waiwala sopo pakauntala, ankatembenuka ndi anthu a kuchigayo omwe. Mpira sanauponyepo m'moyo wawo. Malamulo ake sankawadziwa ndipo sankafuna kuwadziwa. Kwa iwo, wezulo iliyonse yolira motsutsa ife inali ya kaduka, moti oyimbira mpira onse a m'dera lino ankawadziwa mayiwa pamodzi ndi ambulera yawo yobiriwira, imene ankalozera nayo pokamba mlandu. Tsiku lina ku Kasinje anaombera m'manja chigoli cha anzathu a kumeneko chifukwa anaiwala kuti tikapumula timasinthana mbali. Titawaseka, anatiuza kuti anachita dala, alendo amafunika ulemu. Tinawakumbutsa kuti alendo tinali ife. Sanatilankhulitse mpaka tinakwera lole.

Koma chomwe tinkawadziwira kwenikweni chinali kuseri kwa golosaleyo. Pansi pa mtengo wa mango anamangitsa kampanda ka udzu, ndipo m'katimo munali migolo iwiri ya pulasitiki yodula pakati. Tikachoka kosewera, fumbi lili mpaka m'makutu, tinkalowa m'menemo awiriawiri, n'kukhala pansi m'madzi odzaza zibenthu za ayisi mpaka m'chiuno.

Munthu akamva koyamba amayesa chilango. Inenso ndinayesa choncho. Tsiku langa loyamba ndinaviika phazi limodzi n'kulichotsa, ndikufunsa ngati palibe njira ina.

"Njira ina ilipo," anatero Abiti. "Mawa udzatsike pakhonde chokwawa ngati agogo ako. Lowa, mwana wanga, usaganize. Uzitulutsa mpweya pang'onopang'ono ngati ukuuzira phala."

Ndinalowa. Mpweya unandithawa, mano anagwirana, ndipo ndinaitana amayi anga omwe anali kutali kusikimu ya mpunga. Kenako, sindikudziwa kuti zinasintha nthawi yanji, kuluma kuja kunaleka, miyendo inangoti zii ngati ya munthu wina. M'mawa mwake ndinakawokera mpunga, kuwerama tsiku lonse, pomwe kale ndikasewera mpira wolimba ndinkadzuka ndikuyenda ngati ndabereka mtondo kumsana.

Abiti ankakonda kunena kuti ayisi ndi bwenzi lachilungamo, limayamba ndi kukuluma kenako n'kukupepesa, osati anzathu ena aja amayamba ndi kukusekerera. Wotchi analibe nayo ntchito. Ife tikamalowa, iwo ankateleka ketulo pambaula yoyaka bwino, ndipo ikangoyamba kulira ankatitulutsa. Wofuna kuonetsa chamuna pokhalitsa ankamukoka khutu. Ketuloyo inali ya tiyi wa jinja, amene tinkamwa titafunda zitenje, tikunjenjemera ndi kuseka popanda chifukwa. Kuseka kumeneko sindikumvetsa mpaka lero. Ungakhale wagonja mochititsa manyazi, ungakhale wasiya mavuto kunyumba, ukatuluka mumgolo mtima umapepuka, ndipo tulo ta tsiku limenelo timakhala ta khanda. Abiti anazindikira zimenezi msanga n'kuzipezera ntchito. Atsikana awiri akakangana m'bwalo chifukwa wina sanapatsire mnzake mpira, ankawalowetsa nthawi imodzi, migolo yoyandikana. Ankati palibe munthu angasunge mkwiyo ndi kuzizira pamodzi, chimodzi chimamupulumuka. Kawirikawiri okanganawo ankatuluka atagwirana manja, poti kudzuka wekha mumgolo miyendo itachita dzanzi si ntchito yamasewera.

Za momwe anayambira ankafotokoza pafupipafupi, ndipo nkhaniyo inkanenepa chaka ndi chaka. Mwana wawo wamwamuna amagwira ntchito ku Joni. Atabadwa mdzukulu anawaitanitsa kuti akamuone, ndipo ali komweko anakumana ndi mpikisano wothamanga mtunda wautali. Kothera mpikisanowo anaona anthu akuluakulu, ena a imvi, atakhala m'mabafa a ayisi pambalambanda, nkhope zili zokwinya. Abiti anafunsa mpongozi wawo kuti anthuwa alakwa chiyani. Atauzidwa kuti akuziziritsa minofu kuti isatupe ndi kuphwanya, anaseka mpaka kukhala pansi. Koma atabwerera kuno, mapazi awo, amene ankatupa ndi kuimirira m'golosale tsiku lonse, anawakumbutsa za anthu aja. Anatola mafulizesi amene anaphulikira mufiliji, oti ana sakanagula, n'kuwathira m'beseni la madzi. Ankati atapondamo anatulutsa mawu a Chiyao amene anali asanawatchulepo chimwalirireni amuna awo, ndipo mapazi anatuluka ofiira ndi otsekemera, nyerere n'kumawalondola. Koma kutupa kunaphwa, ndipo m'mawa mwake anatsala pang'ono kuphonya swala, pemphero la m'bandakucha, chifukwa cha tulo.

Asanaviike mwana wa eni, anapita kaye kukafunsa anamwino a pachipatala chathu chaching'onochi. Zimene anauzidwa kumeneko anazigwira ngati malamulo a chipembedzo. Woyembekezera sankalowa. Wa vuto la mtima kapena la kuthamanga magazi sankalowa, wa bala chimodzimodzi, ndipo panalibe wololedwa kukhala mumgolo popanda womuyang'anira. Ine nditabinya kakolo ndinathamangira kwa iwo. Anandikulungira kachibenthu m'kansalu, koma nthawi yomweyo anaitana wakabaza kuti anditengere kuchipatala, akunena kuti ayisi amadziwa za kutopa, za fupa sanaphunzire. Anakanganapo ngakhale ndi kochi wathu, mphunzitsi wa kupulayimale, amene ataona ubwino wake anafuna kuti tizilowa tsiku lililonse tikatha kukonzekera. Abiti anakana. Anati mgolo ndi wa tsiku la nkhondo, masiku enawa thupi lizidzipirira lokha kuti likhwime, mwana womangomubereka saphunzira kuyenda. Kochiyo anabweretsa mfundo zake, iwo anangomuuza kuti akagule filiji yake.

Filiji yawoyo inali yaikulu, yogona, ndipo anawatumizira ndi mwana wawo wa ku Joni uja kuti azigulitsa zoziziritsa kukhosi. Theka lake linasanduka lathu. Ankaumitsa madzi m'zigubu za mafuta ophikira zodula pamwamba, ndipo pa masewero akutali tinkakwirira zibenthuzo m'matumba a mankhusu a mpunga, amene ife a kusikimu tinkabwera nawo. Mwanayo akaimba foni n'kudandaula kuti filiji ya malonda yasanduka chitsime, iwo ankayamba kumufunsa za mano a mdzukulu, za chifuwa cha mpongozi, za mvula ya kumeneko, mpaka mayunitsi amuthere. Magetsi akathima ankaifunditsa mabulangete onse a m'nyumba n'kukhala pamwamba pake, miyendo ili lende, kumagulitsa ali pomwepo. Wofuna chakumwa chozizira ankamuuza kuti abwere magetsi akayaka, poti chivundikiro sichitsegulidwa. Ndipo m'mwezi wa kusala, dzuwa la m'chigwa muno likuwotcha, mayiwa ankatiswera ayisi ndi nyundo, madzi akuyenderera m'zigongono, osalawa ngakhale kadontho.

Dzina loti Anaayisi, limene ambiri akuwadziwa nalo, anawapatsa ndi Anasibeko powanyoza. Anasibeko ndi gogo wachingoni wochokera kumapiri a ku Tsangano, anatengwa kudzakhala kuno ali mtsikana. Kwa zaka zambiri akhala akugulitsa tomato ndi kabichi pakhonde pa golosale ya Abiti, ndipo awiriwa sanagwirizanepo pa chilichonse, kaya ndi kaphikidwe ka mpunga, kaya ndi mbuzi ya ndani yaluma kabichi. Koma mkangano wawo waukulu unali wa madzi. Anasibeko ndi katswiri wothowa. Wa chiuno, wa msana, mayi wongobereka kumene, onse amawathowa ndi kansalu ka madzi otentha, ndipo amathandizikadi. Kwa iwo, kuika munthu wamoyo mu ayisi kunali kumuyesa nsomba yopita kumsika wa ku Lilongwe. Abiti ankayankha kuti madzi otentha ndi ososolera nkhuku. Akatha kutero ankagawana chinangwa chootcha m'mbale imodzi. Dzina lija Abiti analikonda, anati tsopano nawonso apeza chiwongo chachingoni.

Tsiku la maliro a Abiti, amayi a kumzikiti anapempha Anasibeko mwaulemu kuti achepetseko kulira mokweza, poti si mwambo wawo. Gogoyo anayankha kuti iye ndi Mngoni, mnzake amulira momwe amadziwira, ndipo amene akuona kuti ndi phokoso akadandaule kwa Abiti. Anawasiya alire.

Komabe panali nyengo ina imene chinangwa chija chinaleka kugawidwa, ndipo nkhani yake inali ya Tiyamike.

Tiyamike anakwatiwa ndi mwana wotsiriza wa Anasibeko, n'kutengwa kukakhala pakhomo pa apongozi ake. Ndi wamtali, wa manja osaphonya. Akaima pansi pa golo n'kukweza mpira, ife tinkayamba kubwerera pakati usanalowe n'komwe. Zaka zinapitapo ali pabanja popanda mwana. Anthu anayamba kunong'ona, ndipo wina kuchigayo anati nanga mimba ingakhale bwanji mwa munthu amene amaumitsidwa chiuno sabata ndi sabata. Mawuwo anafika kwa Anasibeko, amene mtima unali ukufuna kale choloza chala. Analetsa Tiyamike kupita kumpira. Anasamutsanso tomato wawo pakhonde pa Abiti n'kukayala kutsidya kwa msewu, padzuwa.

Mphekeserayo inayenda. Amuna ena analetsa akazi awo, amayi ena analetsa ana awo, moti tinatsala osakwana timu. Tiyamike ndinkakumana naye kumjigo, ataonda, osandiyang'ana kumaso. Anandiuza kuti pakhomo payamba kumveka mawu oti mwina mwamuna wake afunefune wina. Abiti anawolokapo msewu kuti akalankhule ndi Anasibeko, koma gogoyo anangowafunsa kuti akufuna tomato wa mulu uti. Anamwino anabwera kubwalo kudzafotokoza kuti madzi ozizira a kanthawi kochepa saletsa munthu kubereka, koma omvera tinali ife tomwe, odziwa kale. Ayisi ankangodzaza mufiliji. Mawu a Abiti aja anachepa, moti ana obwera kudzagula shuga ankafunsa ngati akudwala.

Zinthu zinasintha chifukwa cha mawondo a a Gama, amuna awo a Anasibeko. A Gama ndiwo ankatsogolera gule wa ngoma kwathu kuno, uja amuna amavina atanyamula zishango ndi zibonga, akuponda pansi mwamphamvu mpaka fumbi kubuka. Anali atakalamba, ndipo anali atalengeza kuti pamwambo wolonga ufumu m'mudzi woyandikana nafe adzavina komaliza, n'kupereka chishango chawo kwa mwana wawo, mwamuna wa Tiyamike, pamaso pa anthu. Mwambowo unali wa Loweruka ndi Lamlungu, ndipo kupereka chishango kunali kwa Lamlungu. Loweruka madalawo anaiwala zaka zawo. Nthungululu zitawakwera m'mutu anaponda ngati mnyamata, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Atakhala pansi kuti apume, kudzuka kunakanika. Mawondo anatupa ngati mapapaya, akatumba anauma gwa.

Anasibeko anawathowa monga mwa masiku onse, koma kutupa kunangoonjezereka. A Gama anati ngati mawa adzapereke chishango atakhala pampando ngati wodwala, kuli bwino chingodyedwa ndi chiswe. Tiyamike ndiye anatchula dzina la Abiti, motsitsa mawu, akuyang'ana pansi. Anatiuza pambuyo pake kuti apongozi ake anangodzuka n'kupita kukaitana wakabaza.

Ine ndinali pagolosale madzulo amenewo, dzuwa lisanalowe, ndikugula mafuta. Ndinaona njinga ikufika, a Gama ali pakaliyala, nyoni yawo, chisoti chija cha nthenga, idakali kumutu. Anasibeko ndi Tiyamike ankatsatira pambuyo wapansi.

"Odi, Abiti," anatero Anasibeko, maso ali kumbali. "Ndakubweretserani nsomba yanu."

Abiti sanaseke. Anatuluka kuseri kwa kauntala n'kulonjera a Gama atanyonyomala. Anawafunsa ngati mtima umawavuta, ngati magazi amathamanga, ngati ali ndi bala pena pake. A Gama anati anamwino anawayeza mwezi womwewo n'kuwauza kuti ali ndi mtima wa ng'ombe.

"Ndiye tiyesa," anatero Abiti. "Koma inu bambo simulowa ngati atsikanawa. Mukhala pampando, miyendo yokha mumgolo, mpaka pamwamba pa mawondo. Ndipo ine sindingagwire miyendo ya mwamuna wa mwini, chipembedzo changa sichilola. Achemwali, ntchitoyi ndi yanu."

"Ine? Ndigwire ayisi ndi manja angawa?"

"Omwewo. Ine ndiima kunja kwa mpanda, ndizikuuzani chochita."

Zinakhaladi choncho. Ine ndi Tiyamike tinkaswa ayisi n'kumapatsira pamwamba pa mpanda. Abiti anateleka ketulo n'kuima chofulatira mpandawo, manja ali m'chiuno. M'katimo munamveka kukhuvula kwa madzi, kenako kubuula kwa munthu amene walumidwa ndi chinthu choti sangachibwezere. A Gama, amene anthu amati ali mnyamata anagwirapo ng'ombe yolusa ndi nyanga, anayamba kupempha kuti awatulutse, chishangocho aliyense wofuna atenge.

"Khalani pansi, a Gama," tinamva mawu a Anasibeko. "Mwandichititsa kale manyazi pondiwolotsa msewu. Mukadzuka apa mundichititsa achiwiri. Abiti, ndithire wina?"

"Thirani, achemwali. Auzeni aziimba, mpweya ukhazikika."

A Gama anayambadi nyimbo ya ngoma, ya mawu aja achingoni amene ngakhale oimbawo sawamva onse. Poyamba mawu ankanjenjemera, kenako anakhazikika n'kukula, mpaka anthu odutsa anaima kumsewu. Pakati pa nyimboyo Abiti anafunsa, akadali chofulatira.

"Achemwali, paja kwanu ndi ku Tsangano?"

"Mukudziwa kale."

"Ndimamva kuti mwezi wa Juni kumeneko udzu umadzuka woyera ndi chisanu. Muli atsikana munkasamba kuti?"

"Kumtsinje, nanga kukanakhala kuti? Nkhuni zotenthetsera madzi a mtsikana akanakupatsa ndani? Madzi ake ankadula ngati lumo. Anuwa ndi masewera."

"Nanga ana munabereka angati?"

A Gama analeka kuimba. Tiyamike anali atagwira chibenthu cha ayisi m'manja, osachisiya ngakhale chinkamuluma.

"Asanu ndi anayi," anayankha Anasibeko. "Koma amenewo anali madzi a Mulungu, osati a magetsi."

"Madzi onse ndi a Mulungu, achemwali, ine ndimangowasungira. Mwana uyu musamuweruze chifukwa cha mgolo. Apite kuchipatala iye ndi mwamuna wake, onse awiri, akamve kwa odziwa. Ketulo yalira, atulutseni bambowo."

A Gama anamwa tiyi wa jinja atafunda bulangete la pafiliji, miyendo ataisanjika pakireti. Abiti anawalangiza kuti akagone miyendo ili pamwamba, ndiponso kuti mawa akavine ngati munthu wamkulu, asakapikisane ndi adzukulu awo. M'mawa mwake mawondo anali ataphwa, osati kwathunthu, koma mokwanira kuti munthu aimirire. Tonse tinapita kukaonera. A Gama analowa m'bwalo pang'onopang'ono, anaponda nyimbo zingapo mwaulemu, osadumpha, ndipo chishango anachipereka kwa mwana wawo ali chiimire. Nthungululu ya Anasibeko inatalika kuposa za onse. Abiti anali kumbuyo pansi pa ambulera yawo, akufunsa oyandikana nawo kuti wapambana ndi ndani.

Lolemba tomato anabwerera pakhonde. Kupepesa panalibe. Anasibeko anangodandaula kuti khondelo silinkasesedwa bwino iwo kulibe, ndipo ankauza aliyense kuti chinachiritsa a Gama ndi kuthowa kwawo, ayisi anangomalizitsa. Tiyamike anabwerera kumpira sabata yomweyo, enanso anatsatira mmodzimmodzi, poti nkhani ya kumtsinje wa ku Tsangano inali itafika kale kuchigayo, ndipo amene ankaifotokoza monyadira anali Anasibeko eni ake. Kuchipatala Tiyamike ndi mwamuna wake anapitadi awiri, maulendo angapo a ku boma, ndipo zimene anauzidwa kumeneko ndi zawo. Mwana anabwera patapita nthawi ndithu, wamkazi, wa miyendo italiitali. Tiyamike atangodziwika kuti ndi woyembekezera, Abiti ndiwo anali oyamba kumuletsa mgolo, n'kumuuza kuti akadzachira adzadzipereke m'manja mwa apongozi ake kuti azidzamuthowa. Abiti anandiululirapo kamodzi, titaona kuti Anasibeko apita kumjigo, kuti msana wawo iwo eni umamva madzi otentha, koma anati ndikadzanena adzandikana.

Kuchokera pamenepo migolo inapeza alendo atsopano. Anyamata a kabaza anayamba kubwera madzulo a tsiku la msika, kenako madala a ngoma akachoka kovina. Abiti anawaikira amunawo tsiku lawolawo n'kusankha a Gama kukhala woyang'anira. A Gama sanaviikemonso mwendo, koma ankakhala pampando pakhomo pa mpanda, n'kumauza anyamata obuula kuti iwo pa tsiku lawo sanatulutse ngakhale liwu limodzi lodandaula, anangoyamba kuimba.

Abiti sanadwale nthawi yaitali. Titapita kukawaona kuchipatala cha ku boma, anafunsa kaye ngati kwathu magetsi akuyaka. Kenako anayang'ana kayendedwe ka aliyense polowa m'chipindamo, n'kuuza mmodzi wa atsikana atsopano kuti akutsimphina, ndiye kuti Loweruka anazemba mgolo. Analondola. Anamwalira Lachinayi m'mawa, ndipo pofika madzulo anali ataikidwa, monga mwa mwambo wawo. Ena a ife uthenga unatipeza kusikimu, tinafika pamaliro matope ali m'miyendo.

Timu ikadalipo. Migolo anaitenga Tiyamike, ndiye amateleka ketulo masiku ano kuseri kwa nyumba ya apongozi ake. Ayisi timapempha kwa aphunzitsi ena amene ali ndi kafiliji kakang'ono, ndipo amakwanira munthu mmodzi ndi theka.

Dzulo ndinadutsa pagolosale. Ndi yotseka chimwalirireni eni ake, abale sanagwirizane woti aiyendetse. Filiji anaitengera ku Manjawira. Ndinasuzumira pawindo, ndipo pomwe inkakhala simenti yake ndi yoyera kusiyana ndi chipinda chonse, m'mphepete mwake muli mzere wa dzimbiri. Pashelefu patsala botolo la maswiti lopanda kanthu. Kuseri, kampanda kaja kanagwa ndi mvula ya chaka chatha, udzu wake nkhuku zaumwaza. Pomwe tinkakhuthulira madzi panali pachinyontho chaka chonse, moti wina anabzalapo nzimbe. Tsopano pauma, nzimbezo zafiira masamba.

Pakhonde pokha ndi pomwe pali munthu. Anasibeko amayalabe tomato wawo kumbali kwa chitseko. Ndinakhala nawo pang'ono. Anayang'ana kumwamba cha kumapiri n'kunena mokweza kuti mvula chaka chino ichedwa. Ndinavomera kuti inde, ichedwadi. Anandiyang'ana mokhumudwa ngati ndawalanda mkangano, kenako anatembenukira kuchitseko chija, loko ali lende, n'kudikira pang'ono asanayambe kukonza milu ya tomato.